Kodi "Nsapato" N'chichewa?

Chaka chatha, m'phunziro la mbiri ya ziyankhulo, aphunzitsi athu adalemba mawu asanu pabolodi: shoe, Schuh, schoen, sko ndi skór. Adatiuza kuti tiwayang'anitsitse, kenaka tinene chimene tikuona. Sizidatitengere nthawi kuzindikira kuti mawuwa ndi ana a bere limodzi. Oyambawo ndi a Chingerezi, achiwiri a Chijeremani, achitatu a Chidatchi, achinayi amamveka ku Denmark, Norway ndi Sweden, pomwe omalizawo ndi a ku Iceland, chilumba chozizira cha kumpoto kwa nyanja ya Atlantic. Ambirife dziko limeneli timalidziwira ku Mangochi, kumene lakhala likuthandiza pa chitukuko kuyambira mu 1989. Mawu onse asanuwa amatanthauza chinthu chimodzi, chovala cha kuphazi.

Amene adandikoka mtima ndi skór. Akatswiri atayerekeza mawu a m'ziyankhulo zimenezi adapeza kuti onse adachokera ku chiyankhulo chimodzi chimene makolo a mitunduyi ankayankhula zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Mawu a makolowo amawalemba *skōhaz, ndipo kanyenyezi kali kumayambiriroko n'kotichenjeza kuti palibe amene adawaona m'buku, adachita kuwaumba pofananitsa ana ake. Umboni wakale wolembedwa uli m'Baibulo limene bishopu Wulfila adamasulira m'chiyankhulo cha Agothi m'zaka za m'ma 300, m'mene muli skohs. Akatswiri ena amalumikiza mawuwa ndi muzu wakale wotanthauza "kuphimba", kusonyeza kuti poyamba penipeni nsapato idali "chophimba phazi". Lembo la r limene lili kumapeto kwa skór ndi chipsera cha z wa mu *skōhaz, amene Angerezi ndi Ajeremani adamutaya kalekale. Anthu amene adayamba kukhala ku Iceland cha m'ma 870 ankati skór, ndipo zidzukulu zawo ku Reykjavík zikulembabe skór mpaka lero. Nsapato zenizenizo zidasintha. Kale zinkasokedwa ndi chikopa cha nkhosa kapena khungu la nsomba, ndipo zinkatha msanga moti m'madera ena kutalika kwa njira yodutsa m'mapiri ankakuyeza powerenga nsapato zimene munthu angang'ambe paulendowo. Koma dzina lidakhala lomwelo.

Tili m'kati mosirira, mnzathu wina adafunsa kuti, "Nanga nsapato?" Aphunzitsi adatembenuka n'kulemba mawu amodzi pansi pa asanu aja: sapato. Chipwitikizi. Wina kumbuyo adati, "Ndiye kuti ngakhale dzina la nsapato tidachita kupempha!" Kalasi yonse idafa ndi phwete. Inenso ndidaseka, koma kunena zoona zidandiwawa. Ine kwathu ndi ku Kasungu, kwa Njombwa, ndipo ndidakula ndikumva kuti Chichewa chenicheni, chosasukuluka, chili kwathuko. Tsiku limenelo ndidachita manyazi ngati munthu amene wauzidwa pagulu kuti malaya amene wavala ndi obwereka.

Patha chaka tsopano, ndipo maganizo anga ndi akuti manyazi amenewo adali opanda pake. Ndikufuna kuonjezera kuti mtima wofuna "Chichewa choyera", umene ambirife tidayamwira kusukulu, umatichititsa kulondera khomo lolakwika pomwe mbala ikulowera kwina.

Tiyambe ndi njira imene mawuwa adayenda. Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, m'zaka za m'ma 1530. Amishoni a ku Scotland adafika kunyanja mu 1875 ndipo ku Blantyre mu 1876. Apa ndiye kuti makolo athu a ufumu wa Maravi adakhala akumva Chipwitikizi, kapena kumva anthu amene adachimva, kwa zaka zoposa 300 Chingerezi chisanaponde m'dziko muno. Mu 1616 Gaspar Bocarro adayenda kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa kudzera m'dziko la Amaravi. Mu 1831 ndi 1832 António Gamitto adadutsa pakati pa Amaravi ndi Achewa paulendo wa kwa Kazembe, ndipo buku lake la 1854 limafotokoza zambiri za moyo wawo. Pakati pa maulendo otchukawa padali maulendo osawerengeka a amalonda ndi a Achikunda, onyamula nsalu ndi mikanda kudzasinthitsa ndi minyanga. Tisabise: njira yomweyo imene idabweretsa katundu ndi mayina ake ndi imenenso idapita ndi anthu athu kuukapolo. Mawu obwereka si onse amene adabwera mwamtendere. Komabe adafika, ndipo pamene amishoni ankamasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922, adawapeza atakhazikika kale. Mose pachitsamba choyaka moto akuuzidwa kuti avule nsapato. Omasulirawo kwawo ankati shoe kapena skoen, koma sadaone chifukwa chobweretsera mawu awo pamalo pamene padali kale mwini.

Sindife tokha amene tidalandira mawuwa. Mnzanga wa kumpoto kwa boma lathu lomweli, amene amayankhula Chitumbuka, amati skapato. Ababemba ku Zambia amati insapato. Ngakhale ku Ulaya, sapato ali ndi abale ake: zapato wa Chisipanishi, savate wa Chifalansa ndi ciabatta wa Chitaliyana, amene lero ndi dzinanso la buledi wophwatalala ngati silipasi. Mtundu uliwonse udadula mawuwa molingana ndi phazi lake.

Apa ndi pamene pagona mfundo yanga yaikulu. Taonani zimene Chichewa chidachita ndi sapato. Sichidangomulandira n'kumukhazika pampando ngati mlendo. Chidamuika n kumayambiriro kuti afanane ndi nsalu, nsima, nsomba ndi nsungwi, ndipo potero chidamulowetsa m'gulu la mayina la I-Zi. Kuchokera pamenepo akumvera malamulo onse a gululi. Timati nsapato iyi yang'ambika, nsapato izi zang'ambika. Ya mwana timati kansapato, zikachuluka tinsapato, ikakula moipa timati chinsapato. Mwala ukalowa umalowa munsapato. Mpwitikizi wa ku Lisbon atamva chiganizo chakuti "tinsapato take tatayika" sangazindikire n'komwe kuti muli mawu a kwawo. Zomwezo zidachitikira batata amene adasanduka mbatata.

Zina n'zochititsa chidwi kuposa apa. Chipwitikizi chili ndi chapéu, chovala cha kumutu. Makutu a makolo athu adamva phatikizo loyambalo ngati mphatikiri wa gulu la Chi-Zi, basi mawu adakhala chipewa, ndipo zikachuluka zipewa. Zi ameneyu ku Portugal kulibe, ndi wathuwathu. Mawu a máquina kwawoko amanena chinthu chimodzi, koma ife titamva ma tidati awa ndi ambiri, n'chifukwa chake timati makina awa ngakhale tikuloza amodzi osokera zovala. Koma chiyankhulo sichiyenda mumzere ngati asilikali. Kachasu, wochokera ku cachaça, amayamba ndi ka, komabe sitinena kuti kachasu kake, timati kachasu wake. Mwina adamupatsa ulemu wa munthu poona mmene amagwetsera amuna. Kalata ndi carta, zenera ndi janela, kama ndi cama, malinyero ndi marinheiro. Paliponse mawu aphwanyidwa n'kuumbidwanso kuti phatikizo lililonse lithere ndi lembo la liwu, monga lilime lathu limafunira.

Ndiye ndikafunsidwa kuti mawu a Chichewa ndi ati, yankho langa ndi lakuti ndi amene amamvera agwirizanitsi a Chichewa ndipo anthu amawagwiritsa ntchito osaganizako kawiri. Kumene adabadwira ndi nkhani ya mbiri, yokoma kuidziwa, koma si chiphaso cha umzika. Ife Achewa tikudziwa bwino za mkamwini. Amachokera kutali, amamanga nyumba pamudzi pa eni, amalima, amabereka, ndipo ana akewo ndi a pamudzipo popanda wotsutsa.

Nditapita kumudzi nthawi yothyola fodya ndidayamba kumvetsera ndi makutu atsopano, ndipo ndidazindikira kuti moyo wonse wa kwathu wakhazikika pa mawu oterewa. Dzina lenilenilo la fodya akatswiri amalilumikiza ndi folha, mawu a Chipwitikizi otanthauza tsamba. Mbewuyi idachokera ku America, ndipo amene adaibweretsa ankaigulitsa ngati masamba. Chizolowezicho sichidathe, pakuti mpaka lero mlimi akamayamikira fodya wake amati tsamba lakula bwino, ndipo ina mwa makampani ogula fodya dzina lake ndi Limbe Leaf. Tsono tamverani mwambi uwu umene agogo aliyense amaudziwa: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kodi alipo angaimirire n'kunena kuti mwambi umenewu si Chichewa chenicheni chifukwa mawu ake oyamba adachokera kutsidya la nyanja? Mawu akafika polowa m'mwambi ndiye kuti adamera mizu kale.

Agogo anga aamuna adagwirapo ntchito pa esiteti ina ya fodya m'zaka za m'ma 1970, dzina lake ndisalitchule. Munthu amene ankamuopa kwambiri kumeneko sadali mwini esiteti, amene ankangomuonera patali m'galimoto, koma kapitawo. Ameneyunso ndi capitão wa Chipwitikizi, mkulu wa asilikali kapena wa sitima, amene adatsika m'madzi n'kudzakhala woyang'anira mizere ya fodya ku Kasungu. Agogo amati kapitawo ankadziwika ndi jombo, pomwe iwo ankapita kumunda chapansi kapena atavala nkhwaira zodulidwa kutayala. Nsapato zawo zoyamba za m'sitolo adagula ali kale ndi ana awiri, fodya atagulitsidwa, ndipo ankazivala Lamulungu lokha. Popita kutchalitchi ankazinyamula m'manja mpaka atawoloka dambo. Dzina la nsapato adalidziwa ali mwana, koma chinthucho adachidikira zaka makumi atatu. Kwa iwo funso silidali lakuti mawuwa ndi a yani, koma lakuti nsapatozo ndi za yani. Ndidakumbukira zimene tidawerenga za bungwe lofufuza za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, kuti limodzi mwa madandaulo amene Afirika ophunzira adapereka lidali lokakamizidwa kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Zinthu ziwiri za mayina obwerekazi, cha kumutu ndi cha kuphazi, zidasenza nkhani yonse ya ulemu wa munthu wakuda m'dziko muno. Mawu amene anthu adalirira misozi sangakhale achilendo.

Nanga mtima wonyansidwa ndi mawu obwereka tidautenga kuti? Mbali ina udachokera kwathu komwe kuno. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress udakhazikitsa Chichewa ngati chiyankhulo cha fuko, ndipo dzina lakuti Chinyanja lidaikidwa pambali. Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu, ankachikonda chiyankhulochi kuyambira kale. Ali ku Chicago ndiye adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Chichewa limene lidatuluka mu 1937, ndipo atakhala mtsogoleri ankadzudzula poyera anthu amene iye ankawaona kuti akuchiphwanya. Mu 1972 kudakhazikitsidwa bungwe loona za Chichewa, limene lidagwira ntchito mpaka mu 1995, kenaka m'malo mwake mudalowa Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Pulofesa Pascal Kishindo adalemba mozama za mphamvu imene bungwe lija lidali nayo polamula chimene chili cholondola. Sindikufuna kulinyoza, pakuti malamulo a kalembedwe amene ndikugwiritsa ntchito pano adachokera kumeneko. Koma lidatisiyira chikhulupiriro chakuti pali Chichewa chimodzi chokha choyenera, ndipo chili m'manja mwa akuluakulu ena ake. Ndili kusekondale, aphunzitsi ena adandidulira malikesi pachimangirizo chifukwa ndidalemba foni m'malo mwa lamya. Adalemba ndi cholembera chofiira kuti ndipewe mawu achilendo. M'ndime yomweyo mudali kalata, zenera ndi nsapato, ndipo zonsezo adazichonga. Mlendo amene adamuona ndi wa dzulo yekha, wa dzana adamuyesa mbale.

Wina anena kuti, nanga a ku Iceland aja bwanji? Si iwo amene amakana mawu achilendo, ndipo chiyankhulo chawo chili moyo? N'zoona kuti amayesetsa. Kompyuta amaitcha tölva, dzina limene Sigurður Nordal adaumba mu 1965 pophatikiza mawu otanthauza "nambala" ndi ena otanthauza "mayi wolosera". Foni amaitcha sími, mawu akale otanthauza ulusi amene adawadzutsa kumanda. Ndi luso losiririka. Koma nawonso adabwereka. Fodya amati tóbak, khofi amati kaffi, galimoto amati bíll kuchokera ku Denmark. Ndipo m'banja lomwelo la nsapato muli nkhani yofanana ndi ya chipewa chathu. Jombo amaitcha stígvél. Mawuwa adachokera ku Chijeremani cha kumpoto, stevel, mbale wake wa stivale wa Chitaliyana, koma iwo adawapinda kuti azimveka ngati mawu awo awiri, lina lotanthauza "kuponda" ndi lina lotanthauza "makina". Skór ndi mwana wobadwira pakhomo, stígvél ndi mkamwini, ndipo onse amavulidwa pakhomo limodzi.

Chimene chidapulumutsa chiyankhulo chawo ndi china. Katswiri wa ku Denmark, Rasmus Rask, atafika ku Iceland mu 1813 adapeza kuti anthu a ku Reykjavík akutengeka ndi chiyankhulo cha atsamunda awo a ku Denmark, ndipo adaopa kuti pakatha zaka 100 m'tawunimo simudzakhalanso wochiyankhula. Yankho lake silidali cholembera chofiira. Mu 1816 adathandiza kukhazikitsa bungwe losindikiza mabuku m'chiyankhulocho. Lero anthu a ku Iceland sakwana 400,000, pomwe boma la Kasungu lokha pakalembera wa 2018 lidali ndi anthu oposa 800,000. Komabe iwo amakambirana malamulo kunyumba ya malamulo, kuweruza milandu, kuphunzira kuyunivesite ndi kulemba mabuku a sayansi m'chiyankhulo chawo. Mawu ngati tölva adagwira chifukwa adali ndi ntchito yoti akagwire: mwana adawapeza m'buku la kusukulu, bambo munyuzipepala, kalaliki muofesi.

Kwathu kuno zinthu zili mwina. Malamulo oyendetsera dziko amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azidziwa kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Mu 2014 unduna wa maphunziro udalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Mlimi wa kwa Njombwa akatengera mabelo ake kumsika wa Chinkhoma, mapepala amene akunena za thukuta lake amakhala m'chiyankhulo chimene iye samva. Ngakhale ife amene tikuphunzira za ziyankhulo za kuno, zambiri zokhudza Chichewa timaziwerenga ndi kuzilemba m'Chingerezi. Khomo limene mbala ikulowera ndi limeneli. Chiyankhulo chimafooka chikachotsedwa m'malo amene anthu amapezeramo ndalama, chilungamo ndi nzeru, n'kutsala cha pamaliro ndi pamtondo pokha. Ukachitsekera kunja kwa ofesi kenaka n'kumachidzudzula kuti chilibe mawu a muofesi, uli ngati womanga mbuzi pachingwe chachifupi n'kumaida kuti yaonda.

Sindikunena kuti chilichonse chotuluka m'kamwa n'chabwino. Pali kusiyana pakati pa kubwereka ndi kudzithawa. Mayi wa pamsika akamati "foni yanga yatchajidwa" kapena "ndikatchajitse kwa aneba", wabwereka mwaluso. Watenga mneni wachilendo n'kumuveka -idwa ndi -itsa, ndendende mmene makolo adachitira ndi sapato. Koma mnzanga wa pakoleji pano akamati "ndikufuna ndikagule ma shoes", sakusowa mawu ayi. Nsapato akuzidziwa bwino lomwe. Akungofuna timve kuti iye adapita kusukulu, ndipo akuthawa fungo la kumudzi. Ameneyo ndimamutsutsa, koma osati chifukwa shoes ndi mawu achilendo. Ndimamutsutsa chifukwa cha manyazi amene ali kuseri kwa mawuwo, omwe ndi manyazi omwe aja ndidachita ine m'kalasi, atangovala malaya ena. Ndivomerenso kuti malire a ziwirizi si oonekeratu nthawi zonse. N'kutheka kuti munthu woyamba kunena sapato m'mudzi wina wa m'mbali mwa Zambezi ankadzionetseranso, ndipo akulu adamuyang'ana cham'mbali.

Chimene ndikupempha kwa anzanga ndi kwa aphunzitsi athu m'nthambi ino n'chakuti mphamvu zimene timataya posaka mawu oti tiwathamangitse tizigwiritse ntchito polemba mbiri yawo. A ku Iceland ali ndi buku la magwero a mawu awo, limene Ásgeir Blöndal Magnússon adalemba ndipo lidatuluka mu 1989. Ndimo mwana wa sukulu angapeze nkhani ya skór. Ife poyambira tili napo. Pali mtanthauziramawu wa Johannes Rebmann wa 1877, amene mawu ake adachokera kwa Salimini, Mchewa amene adagwidwa ukapolo n'kukapezeka kufupi ndi Mombasa. Pali wa David Clement Scott wa 1892, komanso Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa chaka cha 2000. Kuyerekeza mabuku atatuwa kokha kungationetse mawu amene adalowa, amene adatuluka ndi amene adasintha tanthauzo. Chotsala ndi kupita kumidzi ndi kope. Pa nsapato pokha pali zambiri zoti tilembe: patapata ndi gogoda, mayina amene amamveka ngati phokoso la phazi pansi, jombo, nkhwaira, zimene ana a mlongo wanga sadazionepo. M'chigafa cha fodya mulinso mawu ambiri, monga mikangala ndi jeke, amene adzapita limodzi ndi mbewuyi tsiku limene dziko lidzaleke kuigula. Wophunzira aliyense atabwera kuchokera kutchuthi ndi mawu makumi awiri, atalemba amene adawanena, kumene amanenedwa ndi mmene amagwirizanira m'chiganizo, pakutha pa zaka zinayi tingakhale ndi chuma.

Ine ndidayambira pa agogo. Ndidawapeza m'chigafa akusoka fodya, atavala nsapato zakale zimene malume adawatumizira kuchokera ku Johannesburg, zidendene atazipondereza. Ndidakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, za Tete, za Gamitto, za gulu la I-Zi, mpaka za anthu ovala khungu la nsomba. Adamvetsera osaleka kusoka. Nditamaliza ndidati, "Ndiye agogo, mwamva? Nsapato si mawu athu, ndi a Apwitikizi."

Adayang'ana kumapazi kwawo, kenaka kwa ine. "Iwe mdzukulu, sukulu imeneyi ndi imene tikugulitsira fodyayi?" Adaseka mpaka kutsokomola. "Ukawauze Apwitikizi akowo kuti ngati ndi zawo abwere adzandivule."

Adandipatsa singano ndi chingwe kuti ndiwathandize, popeza mitambo idali itayamba kuda cha ku Bua ndipo masamba adali akadali ambiri pansi.